Tchalitchi chachikulu pa chilumba chaching'ono: St Peter's ya ku Likoma

Mayi wina wophunzitsa ku sekondale walemba kuti: "Ndinapita ku Likoma pa Ilala nthawi ya tchuthi ndipo ndinalowa m'tchalitchi cha St Peter's. Mlendo wa ku America amene tinakwera naye sitima anati tchalitchicho ndi cha mpingo wake wa Episcopal, pomwe ine ndimadziwa kuti ndi cha Anglican. Wolondola ndani? Ndipo chinachitika n'chiyani kuti chinyumba chachikulu chotero chimangidwe pa kachilumba kakutali chonchija, osati ku Blantyre kapena ku Zomba?"

Zikomo mayi. Funso loyambalo ndi lopepuka, tithane nalo msanga. Nonse awiri mukulondola. Mipingo ya m'banja limodzi ndi Church of England imadziwika ndi dzina loti Anglican m'maiko ambiri, koma ku Scotland ndi ku America imatchedwa Episcopal, kuchokera ku liwu la Chigiriki loti episkopos, ndiye kuti woyang'anira, bishopu. Ku America dzinali linakhazikika dzikolo litadzilamulira, chifukwa ansembe sakanalumbiranso kuti adzamvera mfumu ya ku England. Bishopu wawo woyamba, Samuel Seabury, anakadzozedwera ku Aberdeen mu 1784 ndi mabishopu a ku Scotland. Ndi banja limodzi. Mlendo wanuyo ali ndi chifukwa chinanso chonenera choncho: pamene dayosizi ya Northern Malawi inakhazikitsidwa mu 1995, bishopu wake woyamba anali Jackson Biggers, wochokera mu mpingo wa Episcopal wa ku America, ndipo St Peter's ndiyo inali tchalitchi cha mpando wake.

Funso lachiwirilo ndi limene ndikufuna tikhalepo, chifukwa mwanena mawu oti "kakutali". Ife a masiku ano timayeza mtunda ndi msewu. Malo amene minibasi safikako timati ndi kutali. Koma mu 1885 m'dziko muno munalibe msewu wa galimoto ngakhale umodzi. Msewu waukulu unali nyanja. Woyenda pamadzi ankafika msanga kuposa woyenda pansi, ndipo Likoma ili pakatikati pa msewu umenewo, moyang'anana ndi gombe la kuvuma. Kuchoka pachilumbapo kukafika ku Kobwe, ku Mozambique, ndi makilomita ochepa, ngalawa imawoloka m'mawa umodzi. Amene anasankha Likoma sanasankhe kumapeto kwa dziko. Anasankha pakati pa munda wawo.

Nkhaniyi inayambira kutali ndi nyanja. Pa 4 December 1857 David Livingstone analankhula kwa ophunzira a ku Cambridge, kuwapempha kuti apitirize ntchito imene iye anayamba. Pempholo linabala bungwe la Universities' Mission to Central Africa, limene makolo athu ankangolitcha UMCA. Bishopu wake woyamba, Charles Mackenzie, anadzozedwa ku Cape Town pa 1 January 1861, ndipo chaka chomwecho anamanga misasa ku Magomero pamodzi ndi anthu amene anawomboledwa m'magoli a ukapolo. Zinthu sizinayende. Amishoniwo analowerera nkhondo ya pakati pa Ayao ndi Amang'anja, kenaka malungo anamupha Mackenzie pa 31 January 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Wolowa m'malo mwake, William Tozer, anaona kuti anthu ake atha, ndipo mu 1864 anasamutsira mishoni yonse ku Zanzibar. Livingstone anakhumudwa nazo kwambiri.

Komatu zaka za ku Zanzibar sizinapite pachabe, ndipo simungamvetse Likoma popanda izo. Kumeneko UMCA inatsegula sukulu ya Kiungani ya ana owomboledwa m'zombo za akapolo. Kumenekonso Bishopu Edward Steere anamanga tchalitchi cha Christ Church pamalo pamene panali msika wa akapolo, kuyambira mu 1873. Taonani kaganizidwe kake: pamene panakhetsedwa misozi ndi pamene paikidwe guwa. Mudzakumana nako kaganizidwe kameneka tikafika pa Chipyela, malo amene pali St Peter's.

Amene anabweza mishoni ku nyanja ndi William Percival Johnson. Anafika ku gombe la kuvuma mu 1882 ali ndi mnzake Charles Janson, yemwe anamwalira patangopita masiku ochepa pa mudzi wa Chia, ku Mozambique. Johnson anatsala yekha, nayenda pansi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo anaona mmene anthu ankakhalira. Midzi ya Anyanja inali m'malinga, ina m'mabango, chifukwa cha Angoni a Magwangwara amene ankatsika m'mapiri kudzafunkha. Pamadzi pankadutsa zombo za amalonda a akapolo ndi minyanga, zochokera kwa Jumbe ku Nkhotakota kupita kutsidya. Johnson anatsimikiza kuti mishoni ya pamtunda idzawotchedwa kapena idzakakamizika kugwira mfuti ngati ku Magomero. Nzeru yake inali yoti pakhale sitima yozungulira m'midzi, kusiya aphunzitsi, kubwera kudzawaona, ndipo sitimayo ikhale ndi doko lotetezeka. Anabwerera ku England kukapempha ndalama za sitimayo. Pobwera anadwala maso koopsa ku Quelimane, ndipo moyo wake wonse wotsala ankaona pang'ono ndi diso limodzi. Sitimayo, imene anaitcha Charles Janson, inalumikizidwa ku Matope pa Shire ndipo inayamba kuyenda mu 1885.

Chaka chomwecho Bishopu Charles Smythies analandira chilolezo kwa mfumu Chiteji ya kutsidya kuti amishoni akhale pa Likoma. Chilumbachi chinali ndi zonse zimene Johnson ankafuna: doko labwino, madzi otchinga ankhondo, ndiponso anthu olankhula Chinyanja chomwecho cha m'midzi ya kugombe. Nthaka yake ndi yamiyala, mitengo yake yambiri ndi malambe, chakudya chake chinangwa ndi nsomba, nkhuni zinkachokera kutsidya. Sanapitireko ulimi. Wansembe woyamba kukhazikika kumeneko, George Swinny, anamwalira mu 1887. Chauncy Maples anafika mu 1886 ndipo ndiye anakuza malowo: sukulu, nyumba yosindikizira mabuku, ngakhale kanyuzipepala kotchedwa Nyasa News mu 1893.

Apa pali chinthu chimene ana asukulu anu angakondwe kuchidziwa. Mukayang'ana mapu, Likoma ndi Chizumulu zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Pamene Britain ndi Portugal ankagawana malire mu 1891, gombe la kuvuma linapita kwa Apwitikizi, koma zilumba ziwirizi zinatsala m'manja mwa Angerezi chifukwa cha mishoni imene inali itakhazikika kale. Kuti lero munthu wa ku Likoma ndi Mmalawi, mbali yaikulu ndi chifukwa cha mpingo umenewu.

Dayosizi ya Nyasaland inapatulidwa ku Zanzibar mu 1892. Bishopu woyamba, Wilfrid Hornby, anadwala nabwerera kwawo posakhalitsa. Maples ndiye anasankhidwa, nadzozedwa ku London mu June 1895. Sanakhalepo pa mpando wake ngakhale tsiku limodzi. Pa 2 September 1895, akubwerera ku Likoma m'boti lachitsulo lotchedwa Sherriff, namondwe anagubuduza botilo cha ku Rifu, m'dera la Salima, ndipo anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Manda a Maples ali m'tchalitchi cha All Saints ku Nkhotakota. Sitima yachiwiri ya mishoni inatchedwa dzina lake. Inapangidwa ku Glasgow, inabwera m'zidutswa 3,481, ndipo boyila yake yolemera matani 11 inakokedwa pamtunda ndi amuna 450 kulambalala mathithi a Shire. Inalowa m'madzi mu 1901. M'kati mwake munali kachipinda kopemphereramo ndi kophunziriramo, ndipo kwa midzi yambiri ya kugombe sitimayo ndiyo inali tchalitchi, sukulu ndi chipatala.

Tsopano mukuona chifukwa cha kukula kwa St Peter's. Liwu loti cathedral limachokera ku mpando wa bishopu, ndipo tchalitchi chotere sichimangidwira mudzi umodzi. Dayosizi ya nthawi imeneyo inkazungulira nyanja yonse: Nkhotakota ndi Mponda mbali ya kuno, Msumba, Kobwe ndi Unangu ku Mozambique, mpaka kumpoto m'dera limene lero ndi Tanzania. Ansembe, aphunzitsi ndi akatekisti a m'maiko atatu a lero ankakumana pa Likoma pa misonkhano, pa kudzozedwa, pa masiku obindikira. Nyumba yawo inayenera kuwakwana. Ndiponso pachilumba pomwepo akhristu anali atachuluka kale moti matchalitchi audzu oyambirira sankakwananso.

Mwala wa maziko unaikidwa mu January 1903 ndi Bishopu Gerard Trower. Wojambula mapulani ndi kuyang'anira ntchito anali Frank George, mmisiri wa mishoni yemweyo. Malo amene anasankha ndi Chipyela. Dzinali likunena lokha: ndi pamene ankapserezapo anthu oganiziridwa ufiti. Amishoni oyamba anapeza mwambowo ukuchitikabe. Monga ku Zanzibar anamanga pa msika wa akapolo, pano anamanga pa phulusa la anthu amene anafa popanda wowaimira. Ine ndikaima pakhomo la tchalitchicho ndimaganiza za iwowo, makamaka pokumbukira kuti mpaka lero agogo ena m'midzi mwathu akuphedwa pa mlandu womwewo.

Anthu amakonda kunena kuti azungu anamanga St Peter's. Ine mawu amenewo sindiwavomera. Azungu anali owerengeka pa zala. Miyala inaswedwa pachilumba pomwepo, mwala wolimba uja mumauona paliponse mukamayenda kuchokera ku Mbamba. Njerwa, matabwa ndi zina zinkawoloka nyanja kuchokera kumtunda, pomwe malata, magalasi ndi zitsulo zinachokera ku England, kukwera Zambezi ndi Shire, kusenzedwa pamutu polambalala mathithi, kenaka kukwezedwa m'sitima. Zonsezo zikafika padoko panalibe lole kapena ngolo yoti izikweze kumtunda. Zinakwera pamitu ndi pamapewa a amuna ndi amayi a pa Likoma, pamodzi ndi madzi okandira dothi. Amisiri omanga ndi opala matabwa anali anyamata a komweko ndi a kutsidya amene anaphunzira ntchito pa mishoni. George anajambula, inde, ndipo ulemu wake ndi womuyenera. Koma chala chilichonse chimene chinaphwanyika ndi mwala chinali cha munthu wakuda.

Tchalitchicho chinatsegulidwa pa 29 September 1905, ntchito zina zikupitirira, ndipo chinapatulidwa kwathunthu pa 14 November 1911 ndi Bishopu Cathrew Fisher. M'litali ndi pafupifupi mamita 100, ndipo chinamangidwa ngati mtanda. Mwina munamva otsogolera alendo akunena kuti ndi chofanana kukula ndi tchalitchi cha Winchester ku England. Pamenepo amawonjezera, chifukwa cha Winchester ndi chotalika pafupifupi mamita 170. St Peter's sichisowa kukometsera koteroko. Chinyumba cha mamita 100 pa chilumba cha masikweya kilomita 18, chomangidwa popanda makina, n'chokwana kudabwitsa munthu.

Mukadzapitanso, musathamangire kujambula nsanja zakunja zokha. Lowani masana dzuwa lili paliwombo, mumve mmene kunja kukutenthera pomwe m'katimo muli kuzizira kwa mwala. Pitani kutsogolo kumene kumakhala oimba ndi ansembe, mugwire mipando yosemedwa pa mwala wofewa uja wonga sopo. M'mphepete mwake mwasalala ndi manja a anthu a zaka zoposa 100. Yang'anani magalasi amitundu m'mazenera, ndipo mufunse akuonetseni kamtanda kopangidwa ndi thabwa la mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene pansi pake panakwiriridwa mtima wa Livingstone mu 1873. Kenaka tulukirani kukhonde lozungulira bwalo lam'kati, limene limalumikiza tchalitchi ndi zipinda za misonkhano ndi mabuku. Khondelo likukuuzani mtundu wa anthu amene anali kuno. Amishoni ambiri a UMCA sankakwatira, ankalandira kandalama kochepa, ndipo ankakhala ngati a m'nyumba ya amonke, belu likuwaitana ku mapemphero m'mawa ndi madzulo. Anali a mbali ya Anglican imene imakonda Misa, lubani, zovala za ansembe ndi kuulula machimo. N'chifukwa chake Mkatolika akalowa mu St Peter's Lamulungu samadziona mlendo, pomwe wa CCAP amadabwa.

Kusiyana kwawo ndi a Scotland a ku Livingstonia ndi Blantyre sikunali pa mapemphero pokha. A Scotland ankakhulupirira kuti Uthenga uyende pamodzi ndi malonda ndi ntchito zamanja, ndipo ankaphunzitsa Chingerezi kwambiri. A UMCA, makamaka Johnson, ankaopa kusandutsa Mwafirika kukhala mzungu wakuda. Ankafuna mpingo wa m'mudzi, wansembe wodya kondowole ndi usipa pamodzi ndi anthu ake, wopemphera m'chilankhulo chawo. Johnson anathera zaka zambiri akumasulira Baibulo m'Chinyanja cha kunyanja, ndipo lonse linatuluka mu 1912, zaka khumi Buku Lopatulika lisanatuluke. Maganizo amenewa anali ndi ubwino wake, koma analinso ndi mtengo wake, ndipo ndinena mosabisa. Ansembe akuda ankalipidwa pang'ono kwambiri poyerekeza ndi ntchito yawo, ndipo ankayesedwa zaka zambirimbiri asanadzozedwe. Kulemekeza umphawi ndi kosavuta kwa munthu amene wausankha yekha ndipo alibe ana. Wansembe wa ku Msumba anali ndi banja loti alidyetse.

Anthu amenewa ndi amene ndikufuna ana asukulu anu awadziwe maina. Augustine Ambali anagwidwa ukapolo ali mwana ku gombe la Tanzania, anawomboledwa panyanja ya mchere, anaphunzira ku Zanzibar, nabwera kuno ndi gulu loyamba la aphunzitsi. Anakhala zaka zambiri pa Msumba, nasandutsa mudziwo kukhala umodzi mwa mipingo yamphamvu ya dayosizi yonse. Yohana Abdallah, mwana wa mfumu ya Chiyao, anakhala wansembe mu 1898 ndipo anagwira ntchito ku Unangu. Iye ndiye analemba mbiri ya Ayao m'chilankhulo chawo. Leonard Kamungu anabadwira ku Chia, mudzi womwe uja anafera Janson. Anadzozedwa unsembe mu 1909, Mnyanja woyamba kufika pamenepo, ndipo anadzipereka kukayambitsa ntchito ku Msoro, kum'mawa kwa Zambia, kumene anamwalira mu 1913. Sukulu ya ansembe a Anglican ku Zomba imatchedwa dzina lake. Sitima inkangofika pamudzi kamodzi pa nthawi, n'kupita. Otsala ndi ana asukulu, odwala ndi maliro anali anthu ngati amenewa.

Chipatso china cha mishoni chinali sukulu. Likoma inatchuka kuti ndi malo amene pafupifupi aliyense ankadziwa kuwerenga, amayi omwe, pa nthawi imene m'madera ambiri sukulu ya atsikana inali yosowa. Koma chilumba chamiyala sichikanalemba ntchito anthu ophunzira onsewo. Ambiri anapita kukakhala makalaliki, aphunzitsi, amisiri ndi azachipatala ku Zomba ndi Blantyre, ku migodi ya ku Zambia, ku Zimbabwe mpaka ku Johannesburg. Kumene anafika ankayambitsa mapemphero a Anglican m'Chinyanja, ndipo ndalama zawo zinkabwerera kwawo. Chipatala cha St Peter's, chimene chili pafupi ndi tchalitchicho, nachonso ndi cha mbewu yomweyo.

Nanga chinatsitsa Likoma n'chiyani? Ndi msewu uja tinayamba nawo. Njanji ndi misewu zitafika, anthu ndi malonda zinasamukira kumtunda, ndipo malire a maiko anayamba kulimba. Dera la ku Zambia linakhala dayosizi payokha mu 1910. La ku Tanzania linapatuka mu 1952, ndipo la ku Mozambique linatsatira patapita zaka zochepa. Sitima ya Chauncy Maples inagulitsidwa ku boma mu 1953. Johnson sanazione zimenezi. Anamwalira mu 1928 ku Liuli, pa gombe la Tanzania, atatumikira kunyanja zaka 46. Tchalitchi chimene chinamangidwa pakati pa munda chinapezeka chili m'mphepete mwa dayosizi imene yatsala, ndipo m'nthawi ya Bishopu Donald Arden, yemwe anabwera mu 1961, ntchito za likulu zinkayendetsedwa ku Malosa. UMCA yeniyeniyo inatha mu 1965 pamene inaphatikizana ndi bungwe lina kupanga bungwe latsopano lotchedwa USPG.

Koma chaka chomwecho cha 1965 m'tchalitchi muja munachitika chinthu chimene omanga aja akanakonda kuchiona. Josiah Mtekateka anabadwira pa Likoma mu 1903, chaka chimene mwala wa maziko unaikidwa. Anakula makoma akukwera. Anatumikira zaka zambiri monga wansembe ku Tanzania, ndipo mu 1965 anadzozedwa mu St Peter's kukhala bishopu, Mmalawi woyamba mu mpingo wa Anglican. Werengani nokha: kuchokera pa Mackenzie ku Magomero panadutsa zaka 104. Kunali kuchedwa, ndipo palibe chifukwa chokanira. Dayosizi itagawidwa pawiri mu 1971, Mtekateka anakhala bishopu wa Lake Malawi. Kugawa kwa mu 1995 ndiko kunabala Northern Malawi, imene maofesi ake ali ku Mzuzu koma mpando wa bishopu uli pa Chipyela.

Chimene chimandidetsa nkhawa lero ndi nyumbayo. Boma la Likoma lonse, kuphatikizapo Chizumulu, linali ndi anthu osakwana 15,000 pa kalembera wa 2018, ambiri asodzi ndi alimi a chinangwa. Chinyumba chimene chinamangidwira maiko atatu chatsamira pa chopereka cha anthu amenewo. Malata amachita dzimbiri, madzi akalowa m'khoma lomangidwa kale chonchija amaliwononga mwakachetechete, ndipo thumba lililonse la simenti liyenera kukwera sitima ku Nkhata Bay. Akhristu a pachilumbapo achita zambiri, amayi a Mothers' Union amasesa ndi kukolopa sabata ndi sabata, koma kukonza denga lotalika mamita 100 si ntchito ya mpingo umodzi. A Likoma okhala ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kunja, madayosizi ena atatu a m'dziko muno, ndi a boma oyang'anira zinthu zakale, onse ali ndi gawo pamenepo.

Ngati mukuganiza zopita ndi ana a Fomu 3 kapena 4, konzani ulendo woti Lamulungu likupezeni pachilumba, poti Misa ya m'mawa ndi imene idzawaonetse ntchito ya nyumbayo kuposa kuizungulira ili yopanda anthu. Lemberanitu kalata ku ofesi ya tchalitchi kuti adzakupezereni mkulu wa mpingo wokuyendetsani, ndipo ana adzamufunse za agogo ake amene anasenza miyala. Pewani miyezi ya June ndi July ngati anawo sanakwerepo sitima, chifukwa mwera umakhala utalusa.